Imvi za a Kadzuwa

A Nikolasi Kadzuwa a ku Golomoti sankadziwa chaka chimene anabadwa, ndipo kwa zaka zambiri nkhani imeneyi sinkawasowetsa tulo. Mayi awo ankangoti inali nthawi ya dzombe, koma dzombe kuchigwa kuno labwera kambirimbiri, kotero mawu amenewo sapindulira munthu. Chimene iwo ankachikumbukira bwino n'chakuti pa nkhondo yoyamba ija ya Azungu anawagwira utengatenga ndevu zisanawamere, nasenza mabokosi mpaka kumpoto, ndipo atangobwerako dzina lawo linalowa m'buku la msonkho. Kuyambira pamenepo mpaka chaka cha 1956 sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Chaka cha njala yaikulu chija, anthu akukumba mizu kutchire, iwo anagulitsa mbuzi yawo yomaliza n'kukakhoma msonkho, nabwera kunyumba akumwetulira ngati abwera ndi thumba la chimanga. Akazi awo, a Namaliya, anatha masiku atatu osawalankhula.

A Kadzuwa anali munthu wamfupi, wachifuwa chotambalala, ndipo nkhope yawo inakana kukalamba. Makwinya analibe, mano onse anali m'kamwa, moti nzimbe ankasenda popanda mpeni. Ukalamba wonse unathawira kumutu. Tsitsi lawo linali lambiri, loyera mbee, ndipo anthu ankawazindikira akadali patali m'njira yochokera ku siteshoni. Eni ake ankalinyadira, ankalipesa Lamulungu lililonse asanapite ku tchalitchi. Anabatizidwa ku Mua ali akuluakulu kale, tsiku limodzi ndi a Namaliya, ndipo anakhala pa chikamwini m'mudzi wa akazi awo moyo wawo wonse osadandaulapo.

Ntchito anagwira zambiri, zonse za paphewa. Anasenzapo mabelo a thonje pamsika, anaphwanyapo miyala, ndipo zaka khumi zomalizira ankadula nkhuni kwa Mzungu wina wa kontalakiti amene ankazikweza pa sitima kukagulitsa kutauni. Inali ntchito ya tikiti. Munthu ankapatsidwa kapepala ka timabokosi makumi atatu, ndipo tsiku lililonse akamaliza mgwazo wake, ndiko kuti mulu wa nkhuni wofika m'chiuno, kapitawo ankachonga kabokosi kamodzi. Tikiti ikadzaza, munthu ankalandira malipiro. Ikapanda kudzaza, ndiye kuti wagwira ntchito ya Mulungu. Tikiti imodzi pachaka inkathera ku msonkho, n'kungotsala tamchere ndi sopo, koma a Kadzuwa sankaona cholakwika pamenepo. Kwa iwo mwamuna anali wokhoma msonkho. Ankati munthu amene dzina lake lachotsedwa m'buku wafa kale, kungoti okumba manda sanauzidwe.

Mawu amenewa ankawanena mokweza, ndipo aliyense ankadziwa amene akulasidwa. Anali a Maliko, mlongo wawo wa a Namaliya, amene nyumba yawo inali kuseri kwa khola. A Maliko chilonda chinawadya mwendo ali mnyamata. Chinapola, koma mwendowo unapindika n'kufupika, moti poyenda ankapendekera mbali imodzi. Chifukwa cha mwendowo Boma linawapatsa chikalata chowamasula ku msonkho, ndipo kamodzi pamwezi ankaima pa mzere pa tchalitchi cha m'mudzi, pamodzi ndi amasiye ndi akhungu, kulandira lichero la chimanga chimene katekisiti ankagawa chochokera ku mishoni. Ankaluka mphasa, ankalima kamunda kawo pang'onopang'ono, ndipo nthawi yocheza anali nayo yambiri. Anthu awiriwa ankakondana monga amachitira alamu, ndiko kuti sankatha kukhala pamphasa imodzi osatosana.

Mkangano wawo waukulu unachitika Lamulungu lina mapemphero atatha, pansi pa mtengo wa bwemba pamene amuna ankakhala asanabalalike. Aphunzitsi a Ambrose, amene ankalandira nyuzipepala yochedwa ndi milungu iwiri, anawerengera anthu kalata ya Mzungu wina wa kumunda wa fodya. Mzunguyo ankadandaula kuti msonkho weniweni, wochotsedwa pa phindu ndi pa malipiro akuluakulu, amakhoma ndi Azungu ndi Amwenye okha, pamene anthu akuda amangoponya timasheleni tochepa n'kumayembekezera zipatala, misewu ndi chimanga chaulere pa nthawi ya njala. Aphunzitsi anapsa mtima powerenga. Anati timasheleni timeneto ndi mwezi wathunthu wa thukuta la munthu, ndipo anafunsa ngati wolemba kalatayo anayamba waperekapo mwezi wake wonse.

A Kadzuwa anadabwitsa anthu. Anati Mzunguyo wanama pa za iwo okhoma msonkho, koma pa za odya zaulere wanena zoona, chifukwa alipo ena m'mudzi momwe muno amene manja awo ndi athunthu koma azolowera kutambasula lichero. Anati munthu ukamupatsa kawiri, kachitatu amabwera ndi dengu. Ponena izi maso anali kumwamba, ngati akuwerenga zipatso za bwemba.

A Maliko anayamba afwenkha fodya wawo, kenaka anayankha mosapupuluma.

"Alamu, kodi tikiti yanuyo inayamba yakudyetsani mwezi wathunthu? Chakudya chimene mumadya musananyamule nkhwangwa amalima ndani? Si mlongo wanga? Ndiye kuti Mzungu wanu wa nkhuniyo amalipira nkhwangwa yokha, mimba amamulipirira Namaliya ndi khasu lake. Ine ndimalandira lichero limodzi pamwezi, poyera, anthu akuona, ndipo ndimathokoza. Iyeyo amadya nkhokwe ya mlongo wanga chaka chonse, koma ngakhale dzina lake salidziwa. Tsono wodya zaulere ndani pamenepa?"

Mawuwo anawalasa anthu, chifukwa ambiri a iwo analinso a tikiti. A Kadzuwa anangoti mlamu wawoyu mwendo wokha ndiwo unalumala, ndipo lilime likanakhala lokhomera msonkho Boma likanalemera ndi iye yekha. Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo, koma a Kadzuwa mawuwo anapita nawo kunyumba ndipo sanawakonde.

Chimene sankauza anthu chinali msana. Unayamba kuwavuta mvula ya chaka chimenecho isanathe, ndipo pofika nthawi yokolola m'mawa sankatha kudzuka pamphasa popanda kugwira mzati. A Namaliya okha ndiwo ankaona. Masiku amenewo, kamodzi pachaka, Mzungu wa ku Boma ankabwera pabwalo la milandu kudzaona amuna ofuna kumasulidwa ku msonkho chifukwa cha ukalamba kapena kulumala. Mapepala a kubadwa anthu analibe, kotero iye ankangoona ndi maso: kumutu, m'kamwa ndi kayendedwe. A Namaliya anayamba kuwachonderera amuna awo kuti chaka chino akaonekere. Sankakangana nawo, ankangobwereza nkhaniyo tsiku ndi tsiku uku akuwathowa msana ndi madzi ofunda. Ankati Boma alidyetsa kokwanira, tsopano nalo liwapumitse, ndipo ndi mutu woyera ngati umenewo palibe amene angawafunse kawiri. A Kadzuwa anakana mwezi wathunthu. Kenaka tsiku lina anagwa mphwayi, navomera monyinyirika, koma anapempha kuti a Maliko asauzidwe. A Maliko anamva tsiku lomwelo, ndipo chodabwitsa n'chakuti sanaseke.

Uthenga unafika woti Mzunguyo abwera Lachinayi la mlungu wachiwiri wa Ogasiti. Kutatsala milungu iwiri, a Namaliya anadwala chibayo. Anali mayi wosazolowera kugona masana, ndipo masiku awiri oyamba anawathera akupeta mapira uku akutsokomola. Pamene anthu ankakonza zowanyamula kupita nawo kuchipatala, zinali zitapitirira kale. Anamwalira Lachinayi m'mawa, kutatsala mlungu umodzi ndendende, ndipo anaikidwa Lachisanu. A Kadzuwa sanalire mokweza. Anakhala pakhonde manja ali m'masaya, osadziwa kumene kuli chikho, osadziwa kumene kumakhala mchere, ndipo chisoni chawo chinali chachikulu kuposa mmene iwo eni ankaganizira kuti munthu angamvere.

Kuno maliro sathera kumanda. Pakapita masiku ochepa pamakhala kumeta, ndipo kufikira tsiku limenelo abale amagona pa nyumba ya maliro, okwatira sabwerera ku mphasa zawo, wamasiye sasamba, ndipo womwalirayo amakhala ngati sanatsanzikidwe. Akhristu a ku mishoni anasiya zambiri za makolo, koma lumo sanalisiye. Akuluakulu a mudzi anagwirizana kuti kumeta kukhale Lachiwiri, ndipo woyamba kumetedwa, mwa mwambo, ndi mwamuna wa malemu. Amameta mpala, osasiya ndi tsitsi limodzi lomwe.

A Maliko ndiwo anayamba kuona vuto. Monga mwini mbumba, mawu awo pa maliro a mlongo wawo anali ndi mphamvu, ndipo Lolemba anawatengera alamu awo kuseri kwa nkhokwe. Anawakumbutsa kuti Mzungu abwera Lachinayi, ndiponso kuti umboni wokha umene ali nawo uli kumutu. Anati iwo angathe kuuza anthu kuti kumeta kudikire mpaka Lachisanu. Ena adzang'ung'udza, chimanga chidzatha chambiri podyetsa anthu masiku owonjezerawo, koma palibe amene adzafe nazo. Mwana wamkazi wa a Kadzuwa, Perpetua, amene anaima chapatali ndi mtsuko, anavomereza ndi mutu.

"Alamu," anatero a Kadzuwa, "mukufuna ndimuimike Namaliya pakhomo masiku atatu chifukwa cha masheleni? Zaka zonsezi sanandichedwetserepo chakudya ndi tsiku limodzi lomwe. Anthu adzati chiyani, kuti Kadzuwa anasunga tsitsi n'kusiya mkazi wake panjira? Boma limandidziwa ine. Akakatsegula buku akapeza okha."

A Maliko anayesanso kawiri. Anawauza kuti Boma silidziwa munthu, limadziwa mzere wa m'buku, ndiponso kuti Namaliya yemweyo ndiye ankafunitsitsa kuti amasulidwe. Koma a Kadzuwa akanena kuti ayi, ankakhala ngati chitsa cha mtsanya. M'kukana kwawoko munali chikondi, munalinso kunyada, ndipo iwo eni sakanatha kulekanitsa ziwirizo. Lachiwiri m'mawa anakhala pa mtondo wogwetsa pansi, mmodzi wa okumba manda ananola lumo pachikhatho, ndipo tsitsi loyera lija linagwera pa nsanza imene anayala. Atadzuka, amayi ena analephera kudzigwira, anabisa kukamwa ndi nsalu. Munthu amene anaima pamenepo, mutu uli see ngati chipanda, chifuwa chotambalala, ankaoneka wa zaka makumi anayi.

Lachinayi analawirira. Anasamba bwino, navala jekete yawo ya khaki ya ku tchalitchi, chifukwa munthu sapita pamaso pa akuluakulu ali mbuu. Perpetua anawapempha kuti avale nsanza zogwirira ntchito, iwo anamuyang'ana kamodzi kokha ndipo iye sanabwerezenso. Bwalolo linali ulendo wa maola awiri m'njira ya ku Mtakataka, ndipo anafika msana ukuwotcha ngati aikapo khala la moto.

Zimene anapeza kumeneko zinawanyansa. Amuna oposa makumi atatu anali atakhala pansi pa mitengo, aliyense akukonza ukalamba wake. Ena anali atadzola phulusa kumutu, ena anabwereka ndodo kwa anzawo, ndipo bambo wina amene a Kadzuwa anamuona ndi maso awo mlungu wathawo akuthamangitsa mbuzi pamsika anafika ataberekedwa ndi mwana wake. Analipo okalamba enieni, analiponso okalamba a tsiku limenelo lokha. A Kadzuwa anakhala paokha, natsimikiza mumtima kuti iwo sachita nawo masewera amenewo. Dzina lawo litaitanidwa, anatsamiritsa ndodo yawo pamtengo, poti munthu saima pamaso pa wamkulu atagwira ndodo ngati wabwerera ndewu, ndipo analowa atawongoka, akukukuta mano.

Mzunguyo anali wachinyamata, wotopa, ndipo ankangodzipukuta thukuta m'khosi. Pambali pake panali kalaliki wotanthauzira, dzina lake Justin, mwana wa ku Mua amene ankawadziwa a Kadzuwa kuchokera ku mapemphero a Pasaka. Justin atawaona mutu anadzidzimuka. Mzunguyo anawauza kuti atsegule pakamwa, ndipo mano onse aja anaonekera. Anafunsa zaka zawo, iwo anatchula dzombe. A Kadzuwa anatulutsa kalata ya ubatizo, koma inangonena chaka chimene anabatizidwa. Anapempha kuti atsegule buku aone zaka zimene akhala akukhoma, Justin anawayankha motsitsa mawu kuti buku limene lili patebulo ndi la kalembera watsopano, la zaka zinayi zokha, ndipo mulibe zaka za munthu, muli dzina ndi timizere.

Justin anayesetsa. Anawanong'oneza kuti anene za msana, ndipo anawafunsa mokweza mmene akumvera m'thupi. Koma a Kadzuwa anakula akudziwa kuti wamkulu akakufunsa moyo suyamba ndi madandaulo. Anati msana umapweteka pang'ono, koma akuyenda. Mzunguyo anafunsa ngati amagwira ntchito.

"Ndimadula nkhuni, bwana," anatero, ndipo chifuwa chinatukuka chokha. "Mgwazo sunandikanikepo."

Justin anatanthauzira, poti sakanachitira mwina. Kenaka anawonjezera za iye yekha, kufotokoza za maliro ndi za mwambo wometa, ndi kuti bamboyu mutu wake wonse ndi imvi. Mzunguyo anamvetsera, ndipo sanayankhe mwaukali. Anati chaka chilichonse amamva nkhani zambiri, ndipo sangamasule munthu wa mano onse, wodula nkhuni, chifukwa cha tsitsi limene sakuliona. Ngati ndi loyera lidzamera loyera, adzabwere chaka chamawa. Wa mbuzi uja anamasulidwa tsiku lomwelo.

Pobwerera a Kadzuwa anapuma kanayi. Manyazi anali nawo, koma chimene chinawapweteka kwambiri chinali china. Kwa zaka pafupifupi makumi anayi ankaganiza kuti kwinakwake, m'nyumba ya malata, muli munthu amene amadziwa kuti Kadzuwa wa ku Golomoti sanaphonyepo. Tsiku limenelo anazindikira kuti munthu ameneyo kulibe, ndipo sanakhalepo. Atafika kumudzi anangoti zakanika, nalowa m'nyumba.

Msonkho unayenera kukhomedwa mvula isanagwe. Wolephera ankagwidwa ndi amesenjala, kumangidwa chingwe m'chiuno ndi kudutsitsidwa pamsika popita kukagwira ntchito ya ukaidi. A Kadzuwa anali ataonapo amuna ambiri akudutsa choncho, ndipo ena anawasekapo. Poganiza kuti iwonso angadutse pamenepo, mutu wometa, chingwe m'chiuno, ankaona kuti kufa kuli bwino. Kothawira kunalibe. Mbuzi analibe, mwamuna wa Perpetua anapita ku Halale zaka zitatu zapitazo ndipo kalata yake yomaliza inalibe kanthu m'kati, chimanga chambiri chinathera pa maliro. Choncho Lolemba lotsatira ananyamula nkhwangwa n'kukatenga tikiti yatsopano.

Tsopano ankapita ku ntchito atangomwa madzi, kapena atadya kambatata kamene Perpetua wapatula pa chakudya cha ana ake atatu. Mgwazo umene kale ankaumaliza dzuwa lili pamutu unayamba kuwafikitsa madzulo. Akakhala pachitsa kuti apume, mawu a pansi pa bwemba aja ankawabwerera, ndipo ankaona kuti mlamu wawo sananame: ntchito inali yomweyo, malipiro omwewo, chimene chinachoka chinali khasu la Namaliya, ndipo popanda khasulo tikiti sinkatha kuimika munthu. Anapirira masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku lotsatira, akukweza chipika paphewa, china chake chinaduka m'chiuno, nagwa chafufumimba. Anzawo anawanyamula pa machira a mitengo ndi luzi mpaka kunyumba.

Perpetua anapita kwa kapitawo kukapempha malipiro a masiku amene bambo ake anagwira. Kapitawoyo sanali munthu woipa, koma anati lamulo la tikiti si lake, yosadzaza silipidwa. Anawonjezera, akuyang'ana kumbali, kuti iye amawerenga milu ya nkhuni, sawerenga mapewa amene asenza.

A Kadzuwa anagona chagada masiku anayi, osatha ngakhale kutembenuka okha. Chimene chinawadabwitsa n'chakuti a Maliko, amene pa matenda a munthu sankasowa, sankaoneka masana onse. Anaganiza kuti mlamu wawo wawakwiyira chifukwa chokana malangizo ake, ndipo zinawawawa. Tsiku lachinayi anafunsa Perpetua, iye anazengereza, kenaka anaulula. Amalume ake ankanyamuka m'mamawa ndi nkhwangwa ya bambo ake, ndipo kapitawo akaitana dzina la Kadzuwa, iwo ndiwo ankayankha.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa litapendeka, a Maliko anafika akukoka mwendo, m'manja muli matuza okhaokha. Anakhala pakhomo n'kupempha madzi. A Kadzuwa anawalankhula ali chigonere, maso ali kudenga.

"Alamu, musiye. Akakuonani amesenjala, chikalata chanu chatha."

"Andiona kale," anatero a Maliko. "Milu ya nkhuni ili m'mbali mwa msewu, ndipo munthu woyenda ngati ine sabisala."

"Nanga mukuchitiranji zimenezi?"

"Mutu uja munameta chifukwa cha mlongo wanga. Ine sindingaonerere akukumangani chingwe chifukwa cha iye. Kwatsala masiku asanu ndi awiri. Gonani."

A Kadzuwa anafuna kunena zambiri, za lichero, za dengu, za mawu onse amene anawalasa nawo pa zaka makumi atatu, koma anangotembenuzira nkhope kukhoma. A Maliko anamwa madzi awo, nadandaula kuti Perpetua amatunga pachitsime cha matope, n'kupita kwawo. Anagwira masiku onse khumi ndi limodzi. Mgwazo umene anyamata ankaumaliza masana iwo ankaumaliza mbalame zikulowa m'zisa, koma tikiti inadzaza, ndipo msonkho wa Nikolasi Kadzuwa wa chaka cha 1956 unakhomedwa pa nthawi yake. Pofika mvula yoyamba tsitsi linali litamera, loyera kuposa kale.

Msana sunabwererenso. A Kadzuwa anadzuka patapita miyezi iwiri, koma anadzuka munthu wina, wowerama, woyenda ndi ndodo imene tsopano sakanatha kuisiya pamtengo ngakhale atafuna. Anaphunzira kuluka malichero kwa a Maliko, ndipo ankakhala limodzi pakhonde tsiku lonse. Kutosana kunachepa. Ankakamba za mitengo ya thonje, za anyamata amene ankapita ku migodi, za Namaliya. Katekisiti atabwera kudzafunsa ngati angalembe dzina lawo pa mndandanda wa chimanga, a Kadzuwa anavomera chifukwa cha ana a Perpetua. Pa mzere ankaima kumbuyo kwa mlamu wawo, ndipo palibe amene ananenapo kanthu. Nkhani ya chikalata cha a Maliko sinamvekenso, moti onse awiri anayamba kukhulupirira kuti amesenjala aja anaiwala.

Mu Ogasiti wa 1957 uthenga unabweranso. A Kadzuwa ankayembekezera, koma nyakwawa inanenanso kuti a Maliko nawo akufunika kubwalo, ndipo atenge chikalata chawo. Ananyamuka awiri, wina wowerama, wina wopendekera, ndipo ulendo wa maola awiri unawatengera anayi.

Mzungu anali yemwe uja, kalaliki yemwe uja. A Kadzuwa atalowa, Mzunguyo anangokweza maso, kuyang'ana mutu, kuyang'ana ndodo, n'kugwedeza mutu. Sanafunse za mano, za dzombe kapena za ntchito, ndipo zikuoneka kuti sanawakumbukire n'komwe. Justin analemba chikalata, anadinda, nawapatsa ndi manja awiri. Zonse zinatha msanga kuposa kumwa chikho cha madzi.

Kenaka Justin anaitana a Maliko, maso ali patebulo. Anawerenga kuti pali lipoti loti munthu ameneyu, womasulidwa chifukwa cha kulumala, anaonedwa chaka chatha akudula ndi kusenza nkhuni masiku ambiri motsatizana. Mzunguyo anafunsa ngati n'zoona. A Maliko, amene lilime lawo linkatha kuzungulira aliyense pansi pa bwemba, anangoti n'zoona. A Kadzuwa anabwerera pakhomo, nayamba kufotokoza kuti tikitiyo inali yawo, kuti munthuyu ankangowathandiza, kuti aone okha mwendowo. Mesenjala anawagwira pamkono mwaulemu, nati agogo, nkhani yanu yatha, perekani mpata kwa ena. Ali panja anamva chidindo chikugunda. A Maliko anatuluka m'manja muli zii, dzina lawo litalowa m'buku la msonkho kwa nthawi yoyamba, ali ndi zaka zoposa makumi asanu.

Anayenda mpaka pa mtsinje wouma, pamene anakhala pamchenga kuti apume. A Kadzuwa anatulutsa chikalata chawo m'thumba la jekete, nachiyang'ana, ndipo chinawalemera ngati chakuba. Anachitambasulira kwa mlamu wawo osadziwa chimene akuchita. A Maliko anachikankha ndi chala, nati chalembedwa dzina, ndipo achisunge bwino chingavumbwe.

Patapita nthawi anawonjezera, akutikita bondo lawo lopindika.

"Nkhwangwa yanu ija inandivuta chaka chatha, alamu. Mpini wake ndi wautali kwa ine. Tikafika mundidulireko pang'ono, Lolemba ndikatenge tikiti."

Atafika kumudzi a Kadzuwa sanalowe m'nyumba. Anapita kuseri, anatenga nkhwangwayo ndi kasemasema, nakhala pansi miyendo itatambalala. Anayeza mpini ndi chikhatho, anadula, nayamba kusalaza podulapo kuti pasadzalase munthu m'manja. Perpetua atabwera kudzafunsa mmene ayendera, anawapeza misozi ikutsikira m'ndevu, akupalabe mpiniwo, ndipo anabwerera m'nyumba.